Osunga zakale sali pamodzi: njira zinayi pa ndale, nyengo ndi chipatala muno mu Harare

Sosaiti yathu ya maliro imakumana Lamlungu loyamba la mwezi, tikaweruka ku tchalitchi, pakhonde la msungichuma wathu ku Mufakose. Anaiyambitsa ndi azibambo athu, machona amene anachoka ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mangochi atalembedwa ndi Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito ya ku Rhodesia, poopa kuti munthu wakwawo angaikidwe ngati galu m'dziko la eni. Buku la zopereka likatsekedwa, tiyi n'kuyamba kuzungulira, nkhani imalowa ya dziko. Pafupifupi tonse pakhondepo timadzitcha osunga zakale. Zosintha mothamanga sitizikonda, timalemekeza banja, mpingo ndi akuluakulu, ndipo timati munthu adye thukuta lake. M'manyuzipepala a Chingerezi anthu otere amatchedwa ma conservative. Koma mungofunsa kuti boma likhale ndi mphamvu zochuluka bwanji, magetsi achokere kuti, ndipo ndalama zochepa za zaumoyo ziyambire pati, khondelo limang'ambika panayi.

Njira zinayizo ndaziyika pano kuti tiziyese. Muyeso wanga ndi nyumba imodzi ya ku Budiriro kapena ku Glen View, momwe muli agogo akumwa mankhwala a BP, ana awiri a sukulu, ndi mayi wogulitsa tomato amene sanaonepo payslip chibadwire. Nyumba zambiri za anthu athu n'zotero. Njira imene singafike pakhomo limenelo, ngakhale imveke bwino chotani pa wailesi, kwa ine yaperewera.

Njira yoyamba: boma lichoke m'njira

Mwini wake wa njirayi pakhonde lathu ndi alamu anga, amene amawotcherera mageti ku Siyaso. Iwo amawerenga misonkho pa zala: 2 peresenti imene inayamba mu 2018 pa ndalama zotumiza pa foni ndi ku banki, msonkho wa zaumoyo wa pa mayunitsi a foni umene unayamba mu 2017, msonkho wa shuga wa m'zakumwa wa 2024, kuwonjeza ziphaso za khonsolo. Akamaliza amati, "Achimwene, ndisiyireni ndalama yanga m'thumba, chipatala ndikasankha ndekha."

Mawu amenewa sindiwapeputsa, chifukwa mbiri ya ndalama ya dziko lino ili kumbali yawo. Bambo anga anagwira ntchito zaka zoposa makumi atatu pafakitale ina ku Southerton, akudulidwa penshoni mwezi ndi mwezi. Mu 2008 ndinawaperekeza kukatenga ndalama zawo. Tinatuluka ndi chikwama chodzaza mapepala, ndipo pofika madzulo mapepalawo anagula buledi ndi botolo la mafuta ophikira. Sanalankhule kanthu m'kombi monse. Kuchokera pamenepo taona dola ya America mu 2009, ma bond note mu 2016, dola ya RTGS mu 2019, ndi ZiG mu April 2024, imene inagwetsedwa mphamvu ndi 40 peresenti n'kupitirira pofika September chaka chomwecho. Munthu amene anadutsa m'zimenezi akamakana kusungitsa ndalama ku boma, si wouma mutu. Akukumbukira.

Pa nkhani ya nyengo ndi magetsi, njirayi imati aliyense adzigulire sola, batire, silinda ya gasi, thanki ya madzi, ndipo amene angathe akumbe mjigo. Pano ndiye yaonetsa zipatso msanga. Pamene madzi anachepa ku Kariba kumapeto a 2022, magetsi n'kumazima mpaka maola 18 pa tsiku, amene anapulumutsa mabizinesi ang'onoang'ono ndi anyamata okwera pamadenga kuika mapanelo. Palibe msonkhano wa nyengo umene unawatuma. Anawatuma ndi mdima, ndipo mtengo wa mapanelo utatsika, ngakhale ku Epworth ndi ku Hopley mumawaona akunyezimira pa malata.

Pofooka pake ndi pa matenda. Medical aid, kaya ya CIMAS, First Mutual kapena PSMAS, imafikira munthu mmodzi mwa anthu khumi m'dziko muno, makamaka olembedwa ntchito, ndipo ngakhale iwo amakapeza kuti pali ndalama yowonjezera imene ayenera kutulutsa m'thumba pakauntala. Mayi wa tomato uja salowamo n'komwe. Mjigo nawo suli chuma cha munthu mmodzi monga momwe alamu amaganizira. Madzi a pansi ndi amodzi. Onse akamakumba, zitsime za osauka zimauma poyamba, ndipo paipi ya zonyansa ikaphulika pafupi, mjigowo umasanduka gwero la matenda, monga zinachitikira ku Glen View ndi ku Budiriro mu September 2018. Akuluakulu amakumbukiranso ESAP ya 1991, ndondomeko ya boma yosintha kayendetsedwe ka chuma, imene inabwera ndi mawu okoma akuti msika ukonza zonse. Zolipira za kuchipatala zinalimbitsidwa, mafakitale anachotsa anthu, ndipo amayi ambiri anayamba kuchilira kunyumba.

Njira yachiwiri: dziko lidziimire palokha

A malume anga, amene anapuma ku njanji, ndiwo amaigwira njira iyi ndi manja awiri. Kwa iwo chachikulu ndi bata ndi ufulu wa dziko: boma likhale lamphamvu, azungu asatiuze zochita, ndipo mtsogoleri amene wayamba ntchito asasokonezedwe ndi zisankho za pafupipafupi. Pamene chipani cholamula chinagwirizana ku Bulawayo mu 2024 kuti Pulezidenti Emmerson Mnangagwa apitirize mpaka 2030, a malume anati palibe cholakwika.

Pa malasha ali ndi mfundo yolimba. Africa yense amatulutsa utsi wosafika 4 peresenti ya utsi umene ukutenthetsa dziko lapansi. Mayiko amene analemera ndi malasha kwa zaka mazana awiri ndiwo akutiuza lero kuti tisiye a ku Hwange. Mayunitsi 7 ndi 8 a malo opangira magetsi a malasha ku Hwange, amene anatsegulidwa mu 2023, anawonjezera mamegawati 600, ndipo m'chilala cha 2024, Kariba ataperewera madzi, akanapanda iwo mafiriji a katemera ndi makina a okosijeni akanadalira jenereta basi. Chipatala chopanda magetsi chimapha lero lomwe. Apa ndimagwirizana nawo: kutseka Hwange mawa kungakhale kupanda chifundo.

Pa zaumoyo amanyadira msonkho wa Edzi, ndipo ayenera kutero. Kuyambira mu 2000, 3 peresenti ya msonkho wa anthu olembedwa ntchito ndi makampani imapita ku thumba loyendetsedwa ndi National AIDS Council, panthawi imene mayiko ambiri ankangodikira thandizo lakunja. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 munthu wamkulu mmodzi mwa anayi anali ndi kachilombo, ndipo sosaiti yathu inkaika maliro sabata ndi sabata mpaka thumba linauma. Lero chiwerengerocho chatsika kupitirira theka. Mu January 2025 boma la America litaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake, anthu a ma ARV anayamba kufunsana pamzere wa kukiliniki ngati mankhwala adzakhalepo mwezi wamawa. A malume anangoti, "Fodya wako ndi amene ali pamphuno." Analondola. Ma ARV ochuluka akhala akugulidwa ndi ndalama za Global Fund ndi PEPFAR, thumba la boma la America lolimbana ndi Edzi, ndipo dziko lodalira thumba la eni pa mankhwala a tsiku ndi tsiku limagona tulo ta mantha.

Koma njirayi imandivuta pawiri. Poyamba, kudziimira kumafuna kuti ndalama zioneke kumene zapita. Ku Abuja mu 2001 mayiko a mu Africa analonjeza kupereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, ndipo chaka ndi chaka timaperewera. Msonkho wa shuga ananena kuti ndi wogulira makina a khansa, ndipo madokotala okha anachita kufunsa poyera kuti yasonkhanitsidwa zingati ndipo yagula chiyani. Anamwino zikwizikwi apita ku Britain, mpaka mu 2023 bungwe la WHO linaika Zimbabwe pa mndandanda wa mayiko amene asowa kwambiri ogwira ntchito zachipatala. Chaka chomwecho boma linaika lamulo loletsa anamwino ndi madokotala kunyanyala ntchito kupitirira maola 72. Munthu wanjala samangidwa ndi lamulo kuti akhale. Hwange yemweyo anakulitsidwa ndi ngongole ya ku China, ndipo anthu a kumeneko amadandaula za fumbi la malasha, madzi oipa a mumtsinje wa Deka, ndi moto wa pansi pa nthaka umene wawotcha ana. Ndipo sitiiwala kuti Robert Mugabe, amene anamanga makiliniki ambiri m'zaka za m'ma 1980, anamwalirira m'chipatala cha ku Singapore mu 2019.

Chachiwiri n'chathuchathu, ife ana a machona. Mawu akuti "dziko la eni ake" anatipweteka kale. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu obadwira ku Mbare, amene sanapondepo ku Mwanza, anauzidwa kuti akane unzika wa Malawi umene sanakhalepo nawo, ndipo ambiri sanavote mu 2002. Zitupa zawo zinali zolembedwa kuti ndi alendo. M'mapulazi, pa kulanda minda kwa 2000, antchito ambiri ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique anatsala opanda ntchito, opanda nyumba, opanda munda. Pa Murambatsvina, kugwetsa nyumba ndi misika kumene boma linachita mu 2005, pamene a United Nations anawerengera anthu pafupifupi 700,000 otaya nyumba kapena pogwirira ntchito, ena ankauzidwa kuti abwerere kumudzi kwawo. Amayi anga aang'ono anakhala pa matiresi panja, m'chisanu cha June, akufunsa kuti mudzi wake uti. Boma lamphamvu lopanda womuletsa limakoma ukakhala mkati mwa mpanda. Ife takhalapo kunja kwake.

Njira yachitatu: banja, mpingo ndi mfumu

Iyi ndi njira ya amayi a Chigwirizano, ndipo ndi imene ndinakuliramo. Amati boma libwere kapena lisabwere, odwala timawasamala tokha, maliro timaika tokha, ana amasiye timalera tokha. Umboni wawo suchita kusakidwa. Munthu akafuna opaleshoni ndipo ndalama za zipatala za ku Avenues zamukanika, abale amasonkha n'kumukweza basi ya ku Karanda, ku Mount Darwin, kapena ya ku Howard ku Chiweshe, chipatala cha Salvation Army. Taganizani, anthu kuchoka mu likulu, kusiya zipatala zazikulu za Parirenyatwa ndi Sally Mugabe kumbuyo, kupita kumudzi kukafuna dokotala. Ndinagonapo panja pa chipatala china cha mishoni masiku anayi, ndikudikirira mlongo wanga. Tinkaphika pa mafuwa pamodzi ndi anthu a ku Bulawayo ndi ku Mutare, ndipo usiku mayi wina amene sindinamudziwe dzina anandifunditsa chitenje chake. M'mawa uliwonse anamwino ankayamba ndi pemphero, kenako ntchito, ndipo mtengo unali wolembedwa pakhoma, wosasintha ndi nkhope ya munthu.

Chitsanzo china chinabadwira ku Mbare konkuno. Dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, ataona kuti madokotala onga iye ndi owerengeka, anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa kiliniki n'kumamvetsera anthu olemedwa mumtima, matenda amene anzathu Achishona amati kufungisisa. Friendship Bench imeneyi yafalikira mpaka kunja kwa dziko. Palibe makina, palibe nyumba yatsopano. Anangotenga chimene tinali nacho kale, ulemu wa agogo, n'kuchipatsa ntchito.

Pa nyengo njirayi sikangana za misonkhano ya kunja. Imayang'ana kumunda. Pfumvudza, imene boma linaitenga mu 2020, inayambira kwa alimi achikhristu a Foundations for Farming: kamunda ka mamita 39 m'litali ndi 16 m'lifupi, mizere 52, mzere uliwonse maenje 28, kuti mzere umodzi udyetse banja sabata imodzi. Simugaula, mumakumba maenje chilimwe, kuthira manyowa, kuphimbira ndi mapesi kuti chinyontho chisathawe. Kwathu ku Malawi ndi ulimi womwe uja wa mtayakhasu. Ntchito yake ndi yowawa msana, n'chifukwa chake ena m'malo moti "dhiga udye" (kumba udye) amati "dhiga ufe" (kumba ufe), ndipo m'chilala cha El Niño cha 2024, chimene Mnangagwa anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko mu April, Chakwera atalengeza kale m'maboma 23 a Malawi mu March, ngakhale maenje ambiri anapsa. Komabe amene anaphimbira bwino, ndi amene anabzala mapira ndi mchewere, anatolako kanthu. Zunde raMambo, munda ndi nkhokwe ya mfumu yodyetsera amasiye ndi okalamba, ndi nzeru yomweyo ya makolo: chaka chabwino chisungire chaka choipa.

Tsono malire ake ndiwanene mosabisa, chifukwa ndimaikonda. Sosaiti yathu imadziwa kuika maliro mwaulemu, bokosi, basi, ufa ndi nkhuni, koma siinayambe yalipirapo munthu makina otsuka impso ngakhale mwezi umodzi. Timapeza ndalama munthu akafa, osati akadwala. Mukando wa amayi, uja wosonkherana ndalama, umagula mapoto, yunifolomu ndi fizi, koma khansa imaumeza m'sabata ziwiri. Zipatala za mishoni nazo siziyenda ndi chopereka cha Lamlungu chokha, malipiro a antchito ake ambiri amachokera ku boma. Ndipo tikamati "banja lisamale", tinene zoona kuti wosamalayo ndi mayi, mlongo kapena mwana wamkazi amene wasiya sukulu.

Palinso chovuta chimene chimawawa kuchitchula. Mu 2022 chikuku chinabuka ku Manicaland ndipo ana oposa 700 anamwalira, ambiri a iwo osabayidwa katemera, ochokera m'mabanja a mipingo ina ya chipositoli imene imakana chipatala. Makolowo ankasunganso chikhulupiriro cha makolo awo. Choncho kusunga zakale pakokha si muyeso. Chakale chimene chikupha mwana chiyenera kusiyidwa, ndipo m'busa kapena mfumu amene akunena zimenezi poyera ndiye mlonda weniweni wa mudzi. Pa mafumu, gawo 281 la malamulo oyendetsera dziko limawaletsa kulowa ndale za chipani, koma madandaulo akuti mbewu ndi feteleza zimagawidwa poyang'ana khadi la chipani samatha. Kwa ife a m'tauni opanda mudzi kuno, nkhokwe ya mfumu ili kutali. Munda wathu ndi kachigawo ka m'mbali mwa njanji kapena m'dambo, ndipo dambolo ndi limene likundifikitsa ku njira yotsiriza.

Njira yachinayi: konzani chilipo, tsatani lamulo lolembedwa

Pakhonde lathu njirayi ili ndi anthu ochepa. Woyamba ndi bambo wina wokalamba amene anali pulambala, wachiwiri ndine. Timati musanamange chatsopano, konzani chimene makolo anasiya, ndipo musanasinthe lamulo, yambani mwalitsata.

Harare anamangidwa pamwamba pa madzi ake omwe. Mvula yogwa mu mzinda, pamodzi ndi zonse zotuluka m'zimbudzi ndi m'mafakitale, imatsika ndi Mukuvisi ndi Marimba kukalowa mu Lake Chivero, damu la 1952. Kuchokera kumeneko madzi amatsukidwa ku Morton Jaffray n'kupopedwa kubwerera kumtunda kwa ife. Malo otsukira zonyansa a Firle ndi Crowborough akalephera, timamwa zathu zomwe, ndipo khonsolo imawononga ndalama zambiri kugula mankhwala otsukira madzi amene akanafika oyera ndithu. Mu September 2019 Morton Jaffray anatsekedwa chifukwa mankhwalawo anatha. Mu December 2024 zipembere zinayi zinafa zitamwa madzi a mu Chivero. Madzi opopedwa safika ngakhale theka la amene mzinda ukufuna, ndipo ambiri mwa ochepawo amatayikira m'mapaipi akale. Ku Mabvuku ndi ku Tafara, kumene kuli anthu athu ambiri, kuli ana amene afika ku sekondale asanaonepo mpopi wa m'nyumba ukutulutsa madzi.

Kolera wa 2008 ndi 2009 anadwalitsa anthu oposa 98,000 ndi kupha oposa 4,000. Ndinanyamula mwana wa aneba pa wilibala usiku, amayi ake akuthamanga pambali ndi botolo la madzi a shuga ndi mchere, maso a mwanayo atalowa mkati ngati a nkhalamba. Anachira ndi madiripu atatu. Mchimwene wake, amene anayamba kudwala dzulo lake, sanachire. Matenda omwewo anabweranso mu 2018 ndi mu 2023, ndipo taifodi sachoka m'mahositelo a ku Mbare. Matenda amenewa amabwera ndi paipi yophulika ndi mpopi wouma. N'chifukwa chake ndimati dola yoyamba ya zaumoyo ipite ku madzi ndi ku suweji, yachiwiri ku kiliniki ya pafupi, kuti pakhale namwino wolipidwa bwino, mankhwala a BP ndi a shuga, katemera ndi mzamba, ndipo yachitatu ndiyo ipite ku makina akuluakulu. Sindikupeputsa wodwala khansa. Ndikunena kuti bedi lililonse logonapo wa kolera kuchipatala cha ku Beatrice Road ndi ndalama imene ikanathandiza iyeyo.

Pa nyengo, njirayi imayamba ndi madambo. Dambo limamwa mvula ngati siponji, limasefa madzi, n'kuwatulutsa pang'onopang'ono chilimwe. Monavale, Cleveland Dam ndi Chivero pamodzi ndi Manyame ali pa mndandanda wa madambo otetezedwa wa Ramsar, ndipo msonkhano waukulu wa Ramsar unachitikira ku Victoria Falls mu July 2025. Koma mabaroni a malo akugulitsa masitandi m'madambo, masitolo akumangidwamo, ndipo mvula yamphamvu ikagwa nyumba za ku Budiriro zimalowa madzi. Madzi saiwala khwawa. Namondwe Idai ku Chimanimani mu 2019 ndi Freddy kwathu mu 2023, amene anapha anthu oposa 1,000 ku Malawi, anationetsa kuti mvula ya masiku ano imabwera mwaukali. Simufunika kugwirizana ndi aliyense za amene anayambitsa kusintha kwa nyengo kuti muvomereze kuti pa dambo samangapo nyumba. Agogo athu ankadziwa zimenezi popanda kope. Nafenso olima chimanga m'madambo tili ndi gawo pa mlanduwu, pang'ono, ndipo tiyenera kulivomera.

Pa ndale, chakale chimene njirayi imasunga ndi malamulo oyendetsera dziko a 2013, amene anthu anawavomereza pa referendamu. Gawo 43 ndi limene linabwezera unzika kwa ife obadwira kuno kwa makolo a m'mayiko a SADC. Gawo 76 limanena za ufulu wa chithandizo chamankhwala, gawo 77 za madzi abwino ndi chakudya, gawo 301 limati 5 peresenti ya ndalama za boma kapena kuposerapo zipite ku zigawo ndi makhonsolo, ndipo gawo 91 limati pulezidenti alamule matemu awiri basi. Kwa a malume ndimati: buku limene linatibwezera chitupa ndi lomwelo limene linaika malire a matemu. Tikalola kuti tsamba limodzi lizing'ambidwa pamene wamphamvu wafuna, tsamba lathu lidzatetezedwa ndi yani?

Njirayi ili ndi zofooka zake, ndipo si zazing'ono. Ndi yochedwa. Paipi yokwiriridwa pansi siidulidwa riboni, choncho andale a mbali zonse saikonda. Khonsolo ya Harare yakhala m'manja mwa otsutsa kwa zaka zambiri, boma lili m'manja mwa ZANU-PF, ndipo aliyense amaloza mnzake: awa amati ndalama za zigawo sizibwera ndipo nduna imalowerera, awo amati makhansala ndi akatangale. Zonse ziwiri zili ndi umboni. Pamene madzi a mzinda anali m'manja mwa ZINWA, bungwe la boma, ndi pamene kolera wa 2008 anabuka. Atabwerera ku khonsolo mu 2009, mipopi sinayambe kutuluka. Imafunanso kuti ife tizilipira mabilu a madzi, chinthu chovuta kuuza munthu amene mpopi wake uli gwa, ndipo usiku uno siikupatsani magetsi ngakhale a babu limodzi.

Poziyika pakhomo la ku Budiriro lija

Magetsi akazima, njira ya alamu ndiyo imayatsa nyali msanga, ndipo ya a malume ndiyo imayendetsa chipatala ndi mapampu a Morton Jaffray, amene sola ya padenga singawakoke. Pa ichi ziwirizi zikufunana. Hwange agwire ntchito pamene minda ikuluikulu ya sola ikumangidwa, koma ndi zosefera utsi ndi chipukuta misozi kwa anthu a kumeneko.

Agogo akasowa mankhwala a BP, msika uli nawo mu famase, pa mtengo wa madola, ndipo mwezi umene tomato sanayende agogo amadumphitsa masiku. Mpingo umathandiza kamodzi kapena kawiri. Chokhalitsa ndi kiliniki ya khonsolo yokhala ndi mankhwala, ndipo ndalama yake ingachokere ku msonkho wosungidwa padera monga wa Edzi uja, bola mabuku ake aziwerengedwa poyera. Inshuwalansi ya zaumoyo ya dziko lonse, imene boma lakhala likulonjeza, ndidzaikhulupirira ikadzanena momveka kuti mayi wopanda payslip alowa bwanji, ndiponso kuti zopereka zake sizidzasungunuka monga penshoni ya bambo anga.

Opaleshoni ikafunika, lero njira ya banja ndi mishoni ndiyo imapulumutsa. Chilala chikabwera, maenje ophimbira ndi mapira amathandiza amene ali ndi munda, ndipo wa m'tauni amadalira mtengo wa ufa ndi mphamvu ya ndalama.

Mwana akatsegula m'mimba ndi kolera, njira zitatu zoyambazo zimafika mochedwa. Mpanda wa konkire wa alamu sumuletsa, chifukwa wantchito wawo amamwa ku mjigo wa kwawo. Malasha samuletsa. Pemphero ndi wilibala zimamufikitsa ku diripu, koma mawa mng'ono wake adzamwa madzi omwewo. Apa ndi pamene ine ndimasankhira. Ndimakhala m'njira yachitatu, chifukwa ndi imene imandigwira dzanja tsiku la mavuto, koma voti yanga, msonkho wanga ndi mawu anga pamsonkhano wa khansala ndimazipereka ku yachinayi. Kwa alamu ndimatengako mantha awo pa ndalama yosungunuka, kwa a malume ndimatengako mfundo yakuti mankhwala a anthu athu tizigula tokha.

Sosaiti yathu ili ndi kandalama kotsala chaka chino, ndipo mwezi wamawa tivota. Alamu akufuna tigule sola ndi mabatire oti tizibwereketsa pa maliro. A malume akuti tisunge m'madola, tisakhudze. Amayi a Chigwirizano akufuna thumba la odwala, loti munthu azitengako ya basi ya ku Karanda asanafike pogonekedwa. Ine ndidzakweza dzanja pa thumba la odwala, ndipo ndapempha kuti pa ndalama yomweyo tipatulepo yokayezetsa madzi a mijigo itatu imene mamembala athu amatungako, ndi yogulira mankhwala othira m'zigubu mvula isanayambe. Bambo pulambala aja alonjeza kubweretsa mapu akale a mapaipi a m'dera lathu, kuti tikapita kwa khansala tikamuonetse ndi chala pamene suweji yadutsa pafupi ndi mjigo wa kusukulu.